Kulemba nthano yaitali ya agogo, zidzukulu ndi munda kuno ku Zomba: mafunso ndi mayankho

Achinyamata ambiri amene amandipatsa zolemba zawo kuti ndiwawerengere amakhala ndi nkhani imodzi mumtima: agogo amene adawalera, kapena amene ankawayendera patchuthi, ndi munda umene udawadyetsa. Ena ndi ophunzira a ku Chanco, ena ndi aphunzitsi a ku Jali ndi ku Songani, ena angomaliza kumene Fomu 4. Mafunso awo amafanana, choncho ndawasonkhanitsa pano. Ndimakonda nkhani zoterezi, ndipo zimandiwawa ndikapeza gogo wa m'buku amene samva njala, alibe ngongole, sakwiya, ntchito yake ndi kungokhala pakhonde n'kumapereka malangizo.

Kodi nkhani ya agogo okalamba ndi munda ingadzaze buku lonse? Singagwetse ulesi?

Ingadzaze, bola mlembi adziwe chimene banjalo likuopa kutaya. Taganizirani khomo limene nkhokwe yake yatha mu Disembala. Mwana wamkazi ali ku Johannesburg ndipo wasiya kutumiza ndalama. Pakhomo pali zidzukulu zinayi. Agogo aamuna maso ayamba kuchita mdima, koma sakufuna kuti aliyense adziwe, moti popalira akudula chimanga pamodzi ndi udzu. Mdzukulu wamkulu wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, fizi ikufunika, ndipo mbuzi yatsala imodzi yokha, imene agogo aakazi akuisungira maliro awo kuti anthu asadzanyozeke pa tsikulo. Agulitse kapena asagulitse? Ndani auze agogo aamuna kuti khasu alisiye? Pamenepa pali kale mitu itatu kapena inayi, ndipo palibe mfuti imene yalira.

Pamunda nthawi sidikira munthu. Mvula ikagwa mbewu isanapezeke, chaka chonse chapita. Wowerenga wa kuno amazidziwa zimenezi m'thupi mwake, ndipo mtima wake umathamanga mukangomuuza kuti mitambo yakuta phiri koma mizere sinathe.

Ndiyambire pati?

Pitani kwa agogo anuwo ngati ali moyo. Ngati adatisiya, pitani kwa anzawo a msinkhu umodzi, achemwali awo kapena alamu awo. Musafike ndi kope ndi mndandanda wa mafunso. Akuluakulu amamangika mukawakhazika pampando n'kumawayang'ana m'maso. Amamasuka manja akakhala pa ntchito, potonola chimanga, posenda nandolo, poluka mphasa, poyanika mfutso. Khalani nawo pansi, gwirani nawo ntchitoyo, nkhani zibwera zokha.

Funsani zinthu zogwirika. "Munda wa kudambo uja mudaupeza bwanji?" "Mango awa adabzala ndani?" "Chaka chimene mudalowa m'banja mvula idagwa bwanji?" "Malata oyamba mudagula ndi ndalama za chiyani?" Mukafunsa kuti moyo wawaphunzitsa chiyani, akuyankhani mwaulemu ndi mawu amene amamva kutchalitchi kapena kumzikiti. Mukafunsa za malata, mumva za fodya, za ngongole, za mkangano umene udatha zaka ziwiri, ndi za munthu amene sanamukhululukire mpaka lero.

Ngati mukufuna kujambula mawu pa foni, pemphani kaye, ndipo akati muzimitse, zimitsani. Nkhani imodzi muifunse kwa anthu awiri kapena atatu. Adzasiyana pofotokoza, ndipo kusiyanako n'kumene kungakupatseni ampangankhani amoyo. Chinanso, musadikire kuti mupeze kaye kompyuta kapena kuti mumalize sukulu. Anthu amene adaona njala ya 1949 ndi maso awo atsala ochepa kwambiri.

Gogo wa m'buku langa ali ndi zaka pafupifupi 80. Adaona zotani?

Musanalembe chiganizo choyamba, sankhani chaka chimene adabadwa, kenaka yalani zaka zake pambali pa zaka za dziko. Titenge gogo wobadwa mu 1945 cha ku Thondwe. Pa njala ya 1949 anali ndi zaka 4. Sangakumbuke zambiri, koma adakula akumva amayi ake akusimba za anthu odya mizu ya m'tchire ndi za abambo amene adapita kukasaka chakudya osabwerako. Makolo ake mwina ankakhala pa esiteti ya mzungu n'kumagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala, imene idazunza kwambiri Alomwe ochokera ku Mozambique amene adakhazikika m'maesiteti a dera lino. Nkhanza za thangata zinali zina mwa zimene zidabutsa John Chilembwe mu Januwale 1915, pamene anthu ake adapha William Jervis Livingstone ku Magomero, ndipo thangatayo adatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. M'zaka za m'ma 1950, ali mwana, adaona boma la atsamunda likukakamiza anthu kusiya matutu n'kuyamba kuunga mizere pa malamulo a malimidwe, ena akulipitsidwa chindapusa, ena akumangidwa. Mizere imene lero timaiona ngati mwambo wa makolo idalowa ndi misozi.

Ufulu udabwera pa 6 Julayi 1964 ali ndi zaka 19. Mu 1971 kwacha ndi tambala zidalowa m'malo mwa mapaundi, mashereni ndi mapeni, ndipo chaka chomwecho kudakhazikitsidwa ADMARC, kumene ankagulitsa zokolola. Mwamuna wake kapena mchimwene wake mwina adapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodiko, mpaka mu 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuletsa ulendowo. Mu 1975 likulu la dziko lidachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Ankagula khadi la chipani kuti alowe mumsika. Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 adasankha pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo mu 1994 ana ake otsiriza adalowa pulaimale yaulere.

Kenaka zidafika zaka za maliro. M'zaka za m'ma 1990, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, agogo ambiri adaika m'manda ana awo amene amayembekeza kuti adzawasamala, n'kutsala ndi zidzukulu. Njala ya 2002 idamupeza ali ndi zaka 57 akulera ana amasiye. Makuponi a feteleza adayamba mu 2005. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 adamupeza ali ndi zaka 78, mwina n'kumugwetsera nyumba ya zidina.

Musalowetse zonsezi m'buku. Sankhani ziwiri kapena zitatu zimene zidamusiyira chipsera, ndipo chipseracho chioneke m'khalidwe lake. Gogo amene adadya gaga mu 2002 salola kuti gaga atayidwe ngakhale nkhokwe itadzaza, ndipo mdzukulu wa m'tauni amamuona ngati woumira mpaka tsiku limene wamva chifukwa chake.

Munda m'nkhani yanga ukhale wa yani?

Funso ili ndi lofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa alembi ena amangolemba kuti munda ndi wa agogo aamuna ndipo adzasiyira mwana wawo wamwamuna woyamba. M'midzi yambiri ya ku Zomba, kaya ndi ya Anyanja, Ayao kapena Alomwe, sizili choncho. Kuno ndi kwa chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, munda umachoka kwa mayi kupita kwa ana aakazi, ndipo woyang'anira mbumba ndi mlongo wa akaziwo, amene ana amati amalume kapena atsibweni. Ana aamuna amakalima kwa akazi awo.

Onani mmene zimenezi zimalemeretsera nkhani. Agogo aamuna alima munda umodzi zaka 50. Adazula zitsa, adabzala mango ndi nsungwi, adakumba chitsime kudimba. Komabe akadali mkamwini. Agogo aakazi akatsogola kumwalira, mwambo umalola kuti achibale a mkazi awasudzule abwerere kwawo, kumudzi kumene adachoka ali mnyamata, kumene owadziwa adatha. Mabanja ambiri sachita zimenezi, ana amakakamira bambo awo, koma manthawo amakhalapo, ndipo nkhalamba imene ikusamala mkazi wake wodwala imadziwa zimene zingaichitikire. Sindidawerengepo zolemba za achinyamata zambiri zimene zimagwira mfundo imeneyi, pamene ili pakhomo pawo pomwe.

Palinso mdzukulu wobadwa kwa mwana wamwamuna, amene agogo amamukonda koma alibe gawo pamundapo. Pali ana aakazi atatu amene ayenera kugawana ekala imodzi ndi theka. Pali amalume amene akufuna kugulitsa mbali ya m'mphepete mwa msewu kwa munthu wa m'tauni womanga nyumba. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yoti munthu alembetse malo oterewa, ndipo funso loti alembedwe dzina la yani likhoza kugawa banja. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu. Milandu ya malire imayambira kwa anyakwawa, kupita kwa agulupu, mpaka kwa mfumu yaikulu monga Chikowi, Mwambo, Malemia, Mlumbe kapena Kuntumanji, malinga ndi dera. Ngati banja la m'buku lanu likutsata chitengwa, palibe cholakwa, koma fotokozani mmene zidakhalira choncho.

Ndidakulira m'tauni. Ntchito za kumunda ndingazilembe bwanji osalakwitsa?

Wowerenga wa kumudzi amakhululuka zambiri, koma sakhululuka mlembi amene wadyetsa anthu mondokwa mu Okutobala pamunda wa kumtunda, kapena wawadyetsa bowa mu Julayi. Dziwani kayendedwe ka chaka, ndipo bukulo likhoza kutsata kayendedwe komweko.

Kusosa kumayamba cha mu Ogasiti ndi Sepitembala, kenaka kuunga mizere dzuwa lili phwee, dothi lili gwa. Mu Okutobala nthawi zina kumagwa chizimalupsa, mvula imene imanyenga osadziwa kuti abzale msanga. Mvula yobzalira imabwera kuyambira pakati pa Novembala mpaka mu Disembala, ndipo nthawi imeneyi ndi ya mango ndi ngumbi. Kuno chimanga sichikhala chokha: paphando kapena pakati pa mapando pamalowa nandolo, khobwe, maungu, m'mphepete chinangwa ndi mbatata, ndipo m'makomo a Alomwe simungasowe kalongonda, amene amafuna kuphikidwa nthawi yaitali ndi kutayidwa madzi asanadyedwe. Feteleza wokulitsa amathiridwa mbewu ikangomera, wobereketsa patatha masabata angapo. Kupalira ndi mu Disembala, kubandira mu Januwale.

Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi yowawa. Munda uli biriwiri koma m'nyumba mulibe ufa. Anthu amasiya minda yawo n'kukagwira ganyu m'minda ya ena kuti apeze mbale ya ufa, ndipo munda wosiyidwawo umadyedwa ndi udzu, zimene zimabala njala ya chaka chamawa. Gogo amene mphamvu zatha amavutika kwambiri pamenepa, chifukwa sangapikisane ndi anyamata pa ganyu. Ndiwo zimakhala nkhwani, chisoso, bonongwe, denje ndi bowa. Mondokwa ndi maungu zimapulumutsa anthu chakumapeto kwa Febuluwale ndi mu Malichi. Kukolola ndi mu Epulo ndi Meyi. M'miyezi yozizira, pamene chiperoni chimakuta phiri, anthu amatsikira kumadimba kukathirira tomato, mpiru ndi chimanga, ndipo nandolo amathyoledwa wamuwisi cha mu Juni ndi Julayi, wouma pambuyo pake.

Adani a munda nawonso alowe: kaufiti amene amamera pa nthaka yoguga, chiswe, anankafumbwe m'nkhokwe, anyani kwa okhala m'munsi mwa phiri, mbuzi za aneba, ndi ntchemberezandonda za mtundu watsopano zimene zidafika cha mu 2017. Koma kuwerenga zimenezi sikokwanira. Pitani mukaunge mizere ingapo ndi khasu mu Okutobala. Mudzadziwa pamene matuza amatuluka, mmene msana umamvekera, ndi chifukwa chake anthu amalawira mbandakucha n'kuweruka dzuwa lisanafike pamutu.

Ndiike nkhaniyi mbali iti ya Zomba?

Sankhani malo amodzi ndipo muwadziwe bwino, chifukwa Zomba si imodzi. Kumunsi, cha ku Jali, ku Kachulu ndi m'mbali mwa mitsinje ya Likangala ndi Domasi, moyo umadalira mpunga ndi nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo idauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2018. Gogo wa kumeneko amawerenga moyo wake ndi zaka zimene nyanja idathawa: adaona anthu akuyenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, adaona matemba ndi milamba zikusowa, kenaka zikubwerera. Kumtunda, m'mbali mwa phiri la Zomba ndi la Malosa, kuli minda yotsetsereka, nkhuni, makala, zipatso zogulitsa kwa alendo okwera phiri. Kuseri kwa phiri, ku Chingale, kumatentha, dziko limatsikira ku Shire, ndipo ulendo wopita kutauni ndi wautali. Ku Thondwe kuli msewu wa ku Blantyre, msika waukulu, maesiteti ndi malo ofufuzira za ulimi a Makoka.

Dzina la mudzi weniweniwo mukhoza kupeka, ndipo ndi bwino kutero. Koma mtsinje, phiri, msika ndi mtunda wofikira kuchipatala zikhale zoona.

Ndikufuna kuti bukuli liphunzitse za moyo. Ndichite bwanji kuti lisakhale ulaliki?

Pano ndi pamene zolemba zambiri zimafera. Kusukulu tidazolowera kufunsidwa kuti "Kodi nthanoyi ikutiphunzitsa chiyani?", choncho polemba timafuna kuyankhiratu funsolo pa tsamba lililonse. Mutu uliwonse umatha ndi gogo akuitana mdzukulu n'kumuuza kuti ulesi ndi woipa.

Kumbukirani mmene agogo anu enieni adakuphunzitsirani. Nthawi zambiri sankanena kanthu. Ankachita, inu mukuona. Nachi chitsanzo. Pokolola, agogo aakazi amapatula zisononkho zazikulu za chimanga cha makolo, zodzaza bwino mpaka kunsonga, n'kuzimangirira kudenga la khitchini kuti utsi uziteteze kwa anankafumbwe. Imeneyo ndiyo mbewu. Njala yavuta mvula isanagwe, mdzukulu wa zaka 12 watsitsa chisononkho chimodzi usiku n'kukazinga. M'mawa gogo waona kuti chasowa. Akhoza kukalipa, akhoza kulira, akhoza kungokhala chete. Tsiku lobzala amupatsa mwanayo mizere yake, mbewu n'kuthera panjira mizere iwiri isanabzalidwe, ndipo gogo sakupempha mbewu kwa aneba. Mizere iwiriyo ikhala yopanda kanthu chaka chonse, mwanayo akuidutsa tsiku ndi tsiku popita kukapalira. Palibe amene watchula phunziro. Ndipo wowerenga ali ndi ufulu wofunsa ngati gogoyo adachita bwino kulanga chotero mwana wanjala. Funso limenelo lisiyeni lotseguka.

Lolani agogo kulakwa. Alipo agogo amene adatulutsa mtsikana pasukulu kuti akwatiwe, amene amakondera ana a mwana mmodzi, amene adakana kupita ndi wodwala kuchipatala mpaka mochedwa, amene amamwa kachasu ndalama ya feteleza. Kuwalemba choncho si chipongwe. Gogo amene sadalakwepo sitingamukonde, chifukwa sitimudziwa. Nzeru zake zikhale zoti adazigula ndi chinthu chimene adataya.

Maphunzirowo ayendenso mbali zonse ziwiri. Mdzukulu ndiye amawerenga malangizo a pa botolo la mankhwala a mbozi, ndiye amatapa ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money, ndiye amasunga nambala yachinsinsi. Mphamvu zimenezi zikhoza kumuyesa. Pa mkangano wa chimanga cha makolo ndi cha haibulidi onse awiri ali ndi mfundo: cha haibulidi chimabereka kwambiri chikapeza feteleza ndipo mitundu ina imacha msanga, koma cha makolo chimakonoleka bwino, sichifumbwa msanga, ndipo mbewu yake sugula chaka ndi chaka. Musapange wina kukhala wopusa kuti mnzake aoneke wanzeru.

Miyambi ndiikemo yochuluka bwanji?

Yochepa. Gogo weniweni sanena mwambi pa chiganizo chilichonse. Amausunga mpaka pa mlandu, pa maliro kapena pamene akufuna kubaya munthu mosamutchula. "Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto" umamveka mwamphamvu ukatuluka pakamwa pa mdzukulu amene akuchonderera gogo wokwiya kuti aleke kukolezera mkangano. Nthano za madzulo za "Padangokhala" ndi "Tili tonse" zilowe ngati zikukhudza zimene zikuchitika pakhomopo, ndipo mukumbuke kuti masiku ano zikulimbana ndi foni.

Anthu aziitanana bwanji?

Monga amachitira kwanuko. Mdzukulu amati "agogo", ndipo m'midzi yambiri ya kuno amati "anganga". Amalankhula ndi "inu", amagwada kapena kunjuta popereka madzi. Gogo amati "iwe", ndipo pali nthabwala ya chibale imene alembi amaiwala: agogo aakazi amatcha mdzukulu wamwamuna mwamuna wawo, agogo aamuna amatcha mdzukulu wamkazi mkazi wawo.

"Anganga, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya iwe mwamuna wanga. Wandisiya ndekha chaka chonse, ndiye wanditengera chiyani kutauniko?"

Ufulu umenewu ndi umene umachititsa kuti mwana auze gogo zimene sangauze mayi ake. Nkhalamba ziwirizo sizitchulana maina oyamba: amati "abambo a uje", "amake uje", kapena mfunda monga Naphiri ndi Nambewe, ndipo kwa Ayao mumva "Che" ndi "Abiti" patsogolo pa dzina. Mkamwini salankhula momasuka ndi apongozi ake aakazi, amakhala patali. Mukalemba mkamwini akukangana ndi apongozi maso ndi maso, dziwani kuti mwalemba chinthu chachikulu, ndipo mudzi wonse uyenera kuchimva.

Za matenda a ukalamba, kuiwala ndi nkhani za ufiti, ndizikhudze?

Zikhudzeni, mwaulemu koma mosabisa. Ukalamba uli m'thupi: nyamakazi m'mawondo, ng'ala m'maso, mano otha amene sangathenso chimanga chokazinga, kuthamanga kwa magazi, shuga, kudzuka kawirikawiri usiku pamene chimbudzi chili patali ndi nyumba. Ulinso m'thumba: ndalama ya kabaza yopitira kuchipatala, ndi kudikira ndalama za Mtukula Pakhomo, pulogalamu imene idayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imafikira makomo ena okha. Lembaninso za wosamalayo, amene kawirikawiri amakhala mwana wamkazi kapena mdzukulu wamkazi, amene amachapa, kusambitsa, kujomba kusukulu, ndipo nthawi zina amatopa mpaka kulakalaka zinthu zimene amachita nazo manyazi.

Matenda oiwala ndi amene ndikufuna kuti alembi ambiri awalembe. Gogo amayamba kutchula mdzukulu dzina la mwana wake womwalira, amatuluka usiku kunena kuti akupita kwa amayi ake, amapezeka m'mawa pakhomo la eni atavula. Kumudzi zimenezi zimamasuliridwa msanga kuti wagwa pa ndege ya ufiti. Ndi matenda a ubongo, ndipo achipatala, kuphatikizapo a chipatala cha matenda a maganizo cha kuno ku Zomba, amawadziwa. Nkhani za ufiti zaphetsa okalamba m'dziko muno: mu Januwale 2016 ku Neno anthu adapha nkhalamba zinayi atazinamizira kuti zidatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. Lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma m'midzi mlanduwu ukupalamulidwabe, nthawi zambiri ndi achibale, ndipo kawirikawiri kuseri kwake kumakhala munda. Buku limene lingachititse wowerenga kukhala m'mutu mwa gogo wosokonezekayo, akuona khamu la anthu amene adawalandira pobadwa litanyamula miyala, lingachite ntchito imene misonkhano yambiri yalephera.

Kodi gogo ayenera kumwalira kumapeto?

Ayi. Ambiri amasankha imfa chifukwa imaliritsa wowerenga mosavuta. Pali mathero ena ovuta kulemba koma oona: gogo akutengedwa kukakhala kwa mwana wake ku Chinamwali kapena ku Lilongwe, kumene alibe munda ndipo amangokhala m'nyumba; munda ukugawidwa iye akuona; mdzukulu akuchoka. Ngati imfa ikufunikadi, lembani maliro athunthu monga amakhalira, ndi adzukulu okumba manda, amayi ogona m'nyumba ya siwa, chipepeso cholengezedwa, ufa wosonkha, ndi zokambirana za tsiku lotsatira zokhudza katundu ndi ana otsala.

Achibale anga akadzizindikira m'bukumo, sindidana nawo?

Mukhoza kudana nawo ndithu, choncho ganizani musanasindikize. Sinthani maina, mudzi, chiwerengero cha ana ndi ntchito zawo. Phatikizani anthu awiri kukhala mmodzi. Chinsinsi chimene gogo adakuuzani chifukwa chokukhulupirirani, monga za mwana wobadwa kunja kwa banja kapena za matenda a munthu amene ali moyo, musachiike poti aliyense wa m'mudzimo angachiloze. Nthano yaitali imakupatsani ufulu wopeka. Gwiritsani ntchito ufuluwo kuteteza anthu. Yesaninso kumulemba mwachilungamo munthu amene mumamuona ngati woipa m'banjamo. Amalume ofuna kugulitsa munda aja mwina ali ndi mwana wodwala.

Ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi? Nanga agogo anga amalankhula Chiyao?

Ine ndimati m'Chichewa, chifukwa ndi chimene anthu a m'nkhaniyo amakanganira, kupempherera ndi kuseka, ndiponso kuti mudzathe kuwawerengera eni nkhaniwo. Ngati gogo ndi Myao kapena Mlomwe, msiyeni alonjere, atukwane, aimbe kapena apemphere m'chiyankhulo chake apo ndi apo, m'njira yoti tanthauzo limveke kuchokera pa zimene zikuchitika. Chilomwe chikuchepa pakamwa pa achinyamata, ndipo gogo amene alibenso womuyankha m'chiyankhulo cha amayi ake ndi mpangankhani amene sindidzatopa kumuwerenga. Achinyamata a m'bukumo alankhule Chichewa cha masiku ano, chosakaniza, monga amalankhulira pa depoti.

Pa kalembedwe, tsatani malamulo a Chichewa amene adakonzedwanso mu 1990. Bungwe la Centre for Language Studies la yunivesite ya Malawi, limene lidalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, lili konkuno ku Zomba ndipo lili ndi mtanthauziramawu. Mfotokozankhani atsate malamulowo. Ampangankhani alankhule monga a kwawo.

Ndikamaliza, ndipite nalo kuti?

Choyamba lisiyeni milungu ingapo, kenaka muliwerenge mokweza. Pezani owerenga awiri osiyana: mphunzitsi wa Chichewa woti aone kalembedwe, ndi mlimi wachikulire woti mumuwerengere mitu ya kumunda. Wachiwiriyo akakuimitsani n'kunena kuti "nandolo sachita choncho", konzani. Mukafuna kutsimikiza zaka ndi zochitika zakale, nyumba yosungira mbiri ya dziko ya National Archives ili mumzinda momwe muno, ndipo laibulale ya ku Chanco, koleji yakale ya Chancellor College imene idasamukira ku Zomba mu 1973 ndipo tsopano ndi yunivesite ya Malawi, ili ndi gawo la mabuku okhudza Malawi.

Bungwe la alembi la Malawi Writers Union lingakulumikizeni ndi anzanu, ndipo COSOMA ndiyo imaona za umwini wa zolemba. Osindikiza alipo monga Kachere kuno ku Zomba, Montfort Media ku Balaka ndi CLAIM Mabuku ku Blantyre. Aliyense ali ndi mtundu wa mabuku umene amakonda, choncho funsani kaye musanatumize. Werengani pangano lonse musanasaine, makamaka za gawo lanu pa buku lililonse logulitsidwa ndi za zaka zimene wosindikiza adzakhale ndi ufulu pa bukulo. Mukasankha kusindikiza nokha, nambala yozindikiritsa buku ya ISBN imatengedwa ku National Archives, ndipo lamulo limafuna kuti mukasiyeko kope la bukulo likatuluka. Yambani ndi makope ochepa amene mungathe kugulitsa m'sukulu, m'mipingo ndi kwa anzanu. Ena amayamba n'kuika mutu umodziumodzi pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti aone mmene anthu akuulandirira. Mukatero ikani mitu ingapo yokha, chifukwa osindikiza ena safuna buku limene lafalikira kale lonse pa intaneti.